MBIRI YA DONALD DAVIES, KATSWIRI AMENE ANAYESA MSEU WA MAKOMPYUTA USANALAMBULIDWE

Awerengi athu ambiri a kumidzi masiku ano ali ndi lamya za m'manja. Mai ali ku Lundazi kapena ku Petauke atumiza mau ndi cithunzi kwa mwana wao wokhala ku Kabwata mu Lusaka, ndipo uthengawo ufika madzi a pamoto asanawire. Koma ndi ocepa amene adziwa kuti uthenga wotere suyenda wathunthu ai. Uyamba wadulidwa m'tizidutswa ting'onoting'ono, tizidutswato tiyenda patokha-patokha, ndipo tikafika kumene tipita tilumikizidwanso. Mmodzi wa anthu awiri amene anatulukira nzeru imeneyi ndi Bambo Donald Watts Davies a ku Britain, amene anamwalira m'caka ca 2000. Mlungu uno tikufotokozerani mbiri yao, makamaka khalidwe limene anali nalo moyo wao wonse, lakuti cinthu ciyambe cayesedwa pa malo aang'ono cisanaperekedwe kwa anthu ambiri.

UBWANA WA UMASIYE

A Davies anabadwa pa 7 June, 1924 m'tauni ya Treorchy, m'cigwa ca Rhondda ku Wales, dera la migodi ya malasha monga Maamba kuno kwathu. Anabadwa mapasa pamodzi ndi mlongo wao. Atate ao anali kalaliki pa mgodi wina, koma anamwalira anawo ali ndi miyezi yowerengeka cabe. Mai ao, poona kuti atsala okha ndi makanda awiri, anabwerera kwao ku Portsmouth, mzinda wa m'mbali mwa nyanja kum'mwera kwa England, ndipo ndi kumeneko kumene anawo anakulira ndi kuphunzira sukulu.

Mnyamatayo anali wakuthwa pa masamu. Anapita ku Imperial College mu London, ndipo m'caka ca 1943, ali ndi zaka 19, analandira digiri ya physics, ndiwo maphunziro a mphamvu za m'cilengedwe. Imeneyo inali nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, kotero boma linawatumiza ku yunivesite ya Birmingham kukathandiza pa nchito yacinsinsi yochedwa Tube Alloys, yofufuza kapangidwe ka bomba la atomiki. Mkulu amene anali kuwayang'anira, a Klaus Fuchs, anadzamangidwa m'caka ca 1950 zitadziwika kuti anali kupereka zinsinsi za nchitoyo ku Russia. Nkhondo itatha a Davies anabwerera ku Imperial College, ndipo m'caka ca 1947 anatenga digiri yaciwiri, ya masamu, nakhoza bwino kopambana.

NYUMBA YOYESERA ZINTHU

Caka comweco analowa nchito ku National Physical Laboratory, mwacidule NPL, ku Teddington pafupi ndi London. Boma la Britain linakhazikitsa malowa m'caka ca 1900 kuti akhale oyesera ndi kupima zinthu. Kumeneko kunali maiwe aatali a madzi m'mene akatswiri anali kuyendetsa tizombo toseweretsa, tofanana ndi zombo zenizeni, kuti aone ngati combo cacikulu cidzayenda bwino asanaononge citsulo pocimanga.

Alimi adziwa bwino nzeru yotere. Mbeu ya cimanga yatsopano siperekedwa kumidzi tsiku limene yapangidwa. Iyamba yabzalidwa pa timinda tating'ono ku Mount Makulu ku Chilanga kapena ku Msekera ku Chipata, ndipo alangizi aona m'mene ipirira dzuwa, matenda ndi mvula yambiri. Ikalephera, calephera ndi kamunda kamodzi, osati nkhokwe za boma lonse. A Davies anakhala zaka 37 pa malo a maganizo otere.

Pa nthawiyo ku NPL kunali a Alan Turing, katswiri wochuka wa masamu, amene anali kukonza mapulani a kompyuta yaikulu yochedwa ACE. A Davies anawerenga mosamala pepala limene a Turing analemba m'caka ca 1936, napezamo zolakwika zingapo, ndipo anakawaonetsa. A Turing sanakondwere nazo. Kompyuta yaikuluyo inacedwa kumangidwa, kotero gulu la a Davies linayamba lamanga yaing'ono yoyesera, yochedwa Pilot ACE, imene inali ndi mababu a magetsi pafupifupi 800. Inayamba kugwira nchito pa 10 May, 1950, ndipo inali imodzi mwa makompyuta oyamba m'Britain.

M'zaka zotsatira a Davies anagwira nchito zosiyanasiyana. Anayesa kuphunzitsa kompyuta kumasulira Cirasha m'Cingelezi. Anagwiranso nchito yotsanzira kayendedwe ka galimoto pa miseu ndi makina, kuti aone cimene cicititsa kuti galimoto zipanikizane pa mphambano. Zimene anaphunzira pamenepa zinadzawathandiza patsogolo. M'caka ca 1955 anakwatira a Diane Burton, ndipo m'banja mwao munabadwa ana atatu, wamkazi mmodzi ndi amuna awiri.

VUTO LA WAYA WA LAMYA

M'caka ca 1965 a Davies anapita ku America, nakaona m'mene anthu ambiri anali kugwiritsira nchito kompyuta imodzi panthawi imodzi pa sukulu ya ukacenjede ya MIT. Munthu aliyense anali ndi makina olembera, olumikizidwa ku kompyutayo ndi waya wa lamya. Apa anaona vuto. Malamulo a lamya a masiku amenewo anali akuti munthu akaimba, waya wonse kucokera kwa iye mpaka kwa mnzake ukhala wao okha kufikira atatsiriza. Kwa anthu olankhulana zimenezi zinali bwino, pakuti mau aturuka kosalekeza. Koma munthu wa pa kompyuta alemba mzere umodzi, ndiye akhala cete kuganiza. Nthawi yonse imene ali kuganizayo waya ukhala wopanda kanthu, komabe alipira, ndipo wina aliyense sangaugwiritse nchito. Zinali ngati kutseka mseu wa Great East Road kucokera ku Lusaka mpaka ku Chipata kuti njinga imodzi idutse.

Mu November caka comweco a Davies analemba maganizo ao. Anaganiza kuti uthenga uliwonse udulidwe m'timaphukusi tofanana kukula, kalikonse kosapitirira ma bit 1,024. Bit ndi kacizindikiro kakang'ono kopambana kamene kompyuta idziwa, ndipo cilembo cimodzi citenga ma bit 8. Ndiye kuti kaphukusi kamodzi kanyamula zilembo pafupifupi 128. Kaphukusi kalikonse kalembedwe keyala ya kumene kapita. Pa mphambano za mawaya paikidwe makompyuta aang'ono ogwira nchito ngati akalaliki a pa positi: alandira kaphukusi, awerenga keyala, akapititsa ku mphambano yotsatira. Motero waya umodzi unyamula timaphukusi ta anthu mazanamazana mosinthanasinthana, ndipo palibe amene autsekereza yekha.

Ubwino wina unali wakuti njira siikhala imodzi. Munthu wocoka ku Chelstone kupita ku Kabwata angathe kulowera m'tauni ndi kudutsa Cairo Road, koma akamva kuti kumeneko kwadzaza angathe kuzungulira ku Kabulonga ndi Woodlands. Timaphukusi nato tingathe kusintha njira waya wina ukaduka. A Davies ndiwo anaticha dzina la packet, ndipo anasankha liu limeneli dala cifukwa lipezeka mosabvuta m'zinenero zina. Ife tinganene kuti phukusi kapena mtokoma. Ukonde wonse wa mawaya ndi makompyuta olumikizana motere ndiwo uchedwa netiweki.

NZERU IWOLOKA NYANJA

Mu March 1966, mwezi womwewo umene ophunzira oyamba a University of Zambia anayamba maphunziro ao ku Ridgeway mu Lusaka, a Davies anafotokoza maganizo aowo pa msonkhano ku London. Atatsiriza, mkulu wina wa ku unduna wa za citetezo anawauza kuti ku America kuli munthu wina, a Paul Baran a bungwe la RAND, amene anafika kale pa maganizo ofanana ndi amenewa, nawasindikiza m'caka ca 1964. Colinga ca a Baran cinali cakuti mauthenga a asilikali asaduke ngakhale mabomba ataononga mbali ina ya dziko. Anthu awiriwa sanali kudziwana, koma onse anasankha kukula kofanana kwa ma bit 1,024.

Caka comweco a Davies anakwezedwa kukhala mkulu wa cigawo ca makompyuta ku NPL. Cimene anali kufuna cinali netiweki ya dziko lonse la Britain. Koma mawaya onse a lamya anali m'manja mwa Post Office, ndipo akuluakulu a kumeneko sanafulumire kuika ndalama pa cinthu cosadziwika. Netiweki yao yoyesera inadzatsegulidwa m'caka ca 1977, patapita zaka zoposa 10.

Ku America zinthu zinayenda msanga. Mu October 1967, a Roger Scantlebury, mmodzi wa gulu la a Davies, anakawerenga pepala la gululo pa msonkhano ku Gatlinburg m'boma la Tennessee. Pakati pa omvera panali a Lawrence Roberts, amene anali kukonza netiweki ya bungwe la ARPA, la unduna wa za citetezo. A Roberts anatenga nzeru ya timaphukusi pamodzi ndi liu lake, ndiponso anabvomera uphungu wakuti agwiritse nchito mawaya othamanga, a ma bit 50,000 pa sekondi. Pa 29 October, 1969 uthenga woyamba wa netiweki yao, ARPANET, unacoka ku Los Angeles kupita ku Stanford Research Institute. Mwa imeneyi ndimo munadzaturuka intaneti.

DZIKO LONSE M'KATI MWA KOMPYUTA IMODZI

A Davies sanakhale pansi kudandaula. Anacita zinthu ziwiri. Coyamba, pamodzi ndi a Derek Barber, a Roger Scantlebury, a Keith Bartlett ndi a Peter Wilkinson, anamanga netiweki yaing'ono yolumikiza nyumba za pa NPL pokha. Inayamba kugwira nchito m'zaka za 1969 ndi 1970. Pofika 1976 inali ndi makompyuta 12 ndi makina ena 75, ndipo inatumikira mpaka 1986.

Koma netiweki ya pa bwalo limodzi sikanatha kuyankha funso lalikulu: kodi cidzacitika nciani mizinda yambiri ikalumikizidwa ndipo anthu onse atumiza mauthenga nthawi imodzi? Pofuna yankho, anacita cinthu caciwiri. Popeza netiweki ya dziko lonse kunalibe, anaimanga yongoyerekeza m'kati mwa kompyuta imodzi. Nchito imeneyi inacitika kuyambira 1968 mpaka 1976, ndipo mmodzi wa oitsogolera anali a Wyn Price.

Kacitidwe kake kanali kotere. Akatswiri alemba pulogramu youza kompyuta kuti pali mizinda yakutiyakuti, mawaya akutiakuti, ndi kuti pa mphambano iliyonse pali malo osungira timaphukusi towerengeka cabe. Kompyuta icita ngati maere posankha nthawi imene uthenga uliwonse ubadwa ndi kumene upita. Ndiye itsata kaphukusi kalikonse, niwerenga nthawi imene kadikira pa mzere, njira imene kadzera, ndi ngati kafika kapena katayika. Akatswiri aonjezera katundu pang'onopang'ono kufikira netiwekiyo itagonja. Akatero asintha lamulo limodzi, nayambanso. Malamulo amenewa, amene makompyuta atsata polankhulana, achedwa protocol. Ndiwo anena amene ayamba kulankhula, m'mene wolandira abvomerezera kuti walandira, ndi cimene cicitika kaphukusi kakasowa. Lamulo loipa likapezeka m'netiweki yongoyerekeza, palibe munthu amene ataya kanthu.

Kuyesaku kunaonetsa cinthu coopsa. Munthu angaganize kuti netiweki ikadzaza ipitiriza kunyamula katundu wofanana ndi mphamvu yake, otsalawo nkudikira. Sizitero ai. Katundu akapitirira muyezo, malo osungira adzaza pa mphambano zonse, iyi idikira iyo, iyonso idikira inzake, ndipo zofika zicepa m'malo mocuruka. Amene anaimapo pa Kafue Roundabout madzulo adziwa zimenezi: galimoto zikalowa zambiri koposa, ngakhale imene ifuna kuturuka isowa poturukira.

M'caka ca 1972 a Davies anasindikiza pepala lofotokoza mankhwala a vutoli, njira imene anaicha isarithmic, kutanthauza ciwerengero cosasintha. Tiyerekeze kuti depoti ya cimanga ili ndi matumba owerengeka, ndipo palibe amene aloledwa kutumiza cimanga popanda thumba la depotiyo. Matumba onse akakhala pa ulendo, mlimi adikira kufikira lina litakhuthulidwa. Momwemonso m'netiweki muikidwe zilolezo zowerengeka. Kaphukusi kalowe pokhapokha katagwira cilolezo, ndipo kakafika kacimasule kuti wina acigwiritse nchito. Njirayi inayesedwa m'kompyuta ya ku NPL. Inali kuletsa netiweki yonse kudzaza, koma inali ndi zofooka zake: mphambano imodzi inali kutha kupanikizika ngakhale ciwerengero conse cili bwino, zilolezo zinali kutha kuunjikana kumene sizifunika, ndipo cilolezo cikatayika kunali kobvuta kudziwa. Intaneti sinatenge njira imeneyi. Koma vuto limene a Davies analoza linali lenileni.

Linaonekera poyera mu October 1986 ku California. Pakati pa Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya Berkeley, malo otalikirana mayadi 400 okha, liwiro la mauthenga linatsika kucoka pa ma bit 32,000 pa sekondi kufika pa 40. Makompyuta, poona kuti timaphukusi tatayika, anali kutitumizanso mobwerezabwereza, naonjezera katundu pa mseu wodzaza kale. M'caka ca 1988 a Van Jacobson anafalitsa lamulo lakuti wotumiza ayambe pang'ono, aonjezere liwiro akaona kuti zinthu zifika, ndipo akaona kuti kena katayika acepetse liwirolo ndi theka. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo makompyuta anaphunzira zomwezo.

ZAKA ZA UKULU

A Davies analemba pamodzi ndi a Barber buku lochedwa Communication Networks for Computers m'caka ca 1973, ndipo m'caka ca 1979 linaturuka lina, Computer Networks and their Protocols. A Vint Cerf ndi a Robert Kahn, polemba pepala lao la 1974 limene linabala malamulo a intaneti ochedwa TCP/IP, anachula a Davies ndi a Scantlebury pakati pa anthu amene anawathandiza maganizo. ARPANET inayamba kutsata malamulo amenewa pa 1 January, 1983.

M'caka ca 1979 a Davies anatula pansi udindo wa ukulu kuti abwerere ku nchito yofufuza. Anaona kuti mauthenga a ndalama akayamba kuyenda pa mawaya, akuba nawonso adzatsata komweko, kotero anatembenukira ku nchito yobisa ndi kuteteza mauthenga. Anapuma nchito ku NPL m'caka ca 1984, nakhala mlangizi wa mabanki. Analandira ulemu wa CBE m'caka ca 1983, ndipo m'caka ca 1987 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, bungwe lalikulu la asayansi ku Britain.

Ali ndi moyo, timaphukusi tao tinafika ku Zambia. Kuyambira 1991 akatswiri a makompyuta pa University of Zambia anali kutumiza makalata a pa kompyuta kudzera ku Rhodes University ku South Africa, poimba lamya pa nthawi zoikika. M'caka ca 1994 yunivesiteyo inakhazikitsa kampani ya ZAMNET, ndipo mu November caka comweco Lusaka analumikizidwa ku intaneti usana ndi usiku kudzera pa waya wopita ku Cape Town. Zambia inali m'gulu la maiko oyamba mu Africa kucita zimenezi. Pa nthawiyo a Davies anali ndi zaka 70.

Ca kumapeto kwa moyo wao kunabuka mkangano wa amene anatulukira nzeru ya timaphukusi, pakuti a Leonard Kleinrock a ku Los Angeles, amene masamu ao a mizere yodikira anathandiza kupima ARPANET, anayamba kunena kuti ndi iwo. A Davies, ali odwala, anawerenganso zolemba zakale za a Kleinrock monga anawerengera za a Turing ali mnyamata, nalemba pepala lotsutsa zimenezo, limene linasindikizidwa m'caka ca 2001. Olemba mbiri ambiri apereka ulemuwo kwa a Baran ndi a Davies, aliyense payekha. A Davies anamwalira ndi matenda a khansa pa 28 May, 2000 ku Esher, patatsala masiku 10 kuti akwanitse zaka 76.

CIMENE ANASIYA

Nchito yoyesa netiweki isanamangidwe inapitirira ndi kukula. M'masiku a a Davies zonse zinali zongoyerekeza, makompyuta ndi mawaya omwe. Pambuyo pake akatswiri anapeza njira ina yoposa: atenga makompyuta enieni ndi mapulogramu enieni, koma pakati pao aika makina odzionetsa ngati waya wautali. Makinawo auzidwa kuti acedwetse kaphukusi kalikonse, kapena ataye kamodzi pa 100 tilitonse, kapena asokoneze ndondomeko yake. A Luigi Rizzo a ku Pisa m'dziko la Italy anafalitsa cida cotere, Dummynet, m'caka ca 1997, ndipo m'caka ca 2010 ku yunivesite ya Stanford kunaturuka Mininet, imene ilola munthu kumanga netiweki ya makompyuta mazana m'kati mwa kompyuta imodzi ya pamiyendo.

Zimenezi zili ndi phindu kwa dziko ngati lathu, m'mene midzi italikirana ndipo mawaya sali ofanana mphamvu. Mwacitsanzo, uthenga wodzera pa setilaiti yokhala makilomita 36,000 kumwamba, monga imene siteshoni ya Mwembeshi inayamba kulankhula nayo m'caka ca 1974, utenga theka la sekondi kapena kuposerapo kupita ndi kubwerera. Lamulo limene liyenda bwino m'maofesi a mu Cairo Road lingathe kupunduka pa njira yotere. Wophunzira wokhala m'cipinda cimodzi mu Lusaka angathe kuyerekeza kucedwa kumeneku, naona ngati pulogramu yotumizira zotsatira za kucipatala kapena mitengo ya mbeu idzapirira, asanaitumize ku Chama kapena ku Nyimba kumene anthu adzaidalira.

M'caka ca 2012 dzina la a Davies linalembedwa m'gulu la oyambitsa intaneti lochedwa Internet Hall of Fame, ndipo m'caka ca 2013 anthu a ku Treorchy anakhoma cikwangwani cowakumbukira m'tauni imene anacokamo ali khanda. Netiweki ya dziko lonse imene anaipempha m'caka ca 1966 anamanga ndi anthu ena, ku dziko lina. Cao cimene cinatsala ndi liu la packet, limene akatswiri a dziko lonse aligwiritsabe nchito, ndi mwambo wakuti lamulo latsopano la makompyuta liyambe lazunzidwa m'nyumba yoyesera lisanapatsidwe mauthenga a anthu.